Mmene ndinayikira mlonda pa foda ya sikana

Pa shopu yathu ya fotokope pa Chitakale sikana imaponya chilichonse mufoda imodzi, ndiye nyengo yofunsira malo ku makoleji anthu amabwera ndi masatifiketi a MSCE, ma ID, zithunzi, ine ndimafuna fayilo ikangolowa izikopedwa yokha kupita mufoda ya tsikulo pa kompyuta yotumizira ma email, osati kumangotsegulatsegula foda kastomala ataima pakauntala.

Ndinagwiritsa ntchito Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndi watchdog, kapulogalamu kowonjezera mu Python kolondera zimene zikusintha mufoda. Kuyika kwake ndi pip install watchdog basi, sikudya bandulo. Kenako ndinalemba class yochokera ku FileSystemEventHandler, mkatimo on_created (imene imadzuka mufoda mukalowa fayilo yatsopano), n'kuipereka kwa Observer (mlonda mwini wakeyo) pa schedule limodzi ndi path ya foda ija, recursive=True kuti aziona ndi timafoda tamkati, kenako start(). Windows yomweyo ndi imene imauza pulogalamu kuti kwalowa kanthu, nde kompyuta siilemedwa olo ikhale yakale ngati yathuyi.

Pofunika mutu ndi apa abale. on_created imadzuka fayilo ikangoyamba kulembedwa, osati ikatha. PDF ya masamba 20 sikana ikadali mkati molemba, pulogalamu yakopa kale, kotumiza kuja ikafika yoduka yosatseguka ndipo mwana wa eni wataya mwayi popanda kudziwa. Nde ine ndinayika kuti iziyeza saizi ndi os.path.getsize, kudikira masekondi 2, kuyezanso, zikafanana komanso isakhale 0, apo ndiye ikope. Windows ikakana ndi PermissionError ndiye kuti sikana idakaigwirabe, ingodikira n'kuyesanso.

Zodawuniloda pa Chrome zili ndi khalidwe lake, zimayamba ndi dzina lothera .crdownload kenako zikatha dzina limasintha. Kumeneko on_created siikuthandizani, gwiritsani on_moved (imene imadzuka dzina likasintha) n'kutenga dest_path, path ya dzina latsopanolo. Foda ikakhala ya pa netiweki Observer wamba nthawi zina samva kanthu, pamenepo ndi PollingObserver, yemwe amakasuzumira yekha pafupipafupi.

China chimene ambiri saganizira, zimene zalowa pulogalamu ili yozima watchdog sadzazitchula. Magetsi akathima n'kuyakanso mnzanga amathamangira kusikana script isanadzuke. Ndinapanga kafayilo ka txt kolemba mayina a zonse zokopedwa, pulogalamu ikamayamba imawerenga kaye foda ndi os.listdir, kufananiza ndi mayina aja, zotsala kukopa, kenako mlonda n'kuyamba ntchito. Shortcut yake ndinaiponya mu shell:startup, foda ya Windows ya mapulogalamu oyamba okha, kuti izidzuka yokha ndi kompyuta. Ma ID a anthu aja timawafufuta m'mafoda onse awiri Loweruka lililonse tisanatseke.