Sabata yoperekeza alendo ku Kimberley

Ntchito yanga ndi yoperekeza alendo kuno ku Kimberley, mzinda wouma wa m'chigawo cha Northern Cape ku South Africa. Sabata ino dzuwa linali kuswa mtengo, moti tsiku lililonse ndimayamba ndi kulonga mabotolo a madzi mu minibasi.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse. Alendo amafuna Big Hole, chidzenje chimene anthu anakumba ndi mapiki ndi mafosholo kuyambira 1871 mpaka 1914 posaka dayamondi. Amajambula zithunzi, n'kufunsa za Cecil Rhodes, Mngelezi amene analemera ndi migodi ya dayamondi ya kuno. Ndimawayankha ndithu, koma mtima umandipweteka kuti za anthu masauzande amene anatsikira m'dzenjemo safunsa.

Lachitatu ndinatenga ana a sukulu kupita ku Angel Street, kunyumba imene ankakhala Sol Plaatje, mtolankhani amene anali mlembi wamkulu woyamba wa bungwe lomwe linayamba mu 1912, limene pano ndi ANC. Mtsikana wina anadabwa kumva kuti Plaatje anali munthu. Iye ankangodziwa kuti ndi dzina la yunivesite ndi khonsolo ya mzinda.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi Lachinayi. Bambo wina wachikulire, woyenda ndi ndodo, anakana zopita kudzenje. Anati ndimutengere ku Galeshewe, dera la anthu akuda mumzinda uno, kumene boma la tsankho linatsekereza Robert Sobukwe, mtsogoleri wa chipani cha PAC cholimbana ndi tsankho, mu 1969 atamutulutsa kundende ya Robben Island. Sobukwe sankaloledwa kutuluka mumzinda uno, ndipo usiku amayenera kukhala m'nyumba. Komabe anaphunzira zamalamulo, natsegula ofesi yake ya uloya mu 1975, n'kumathandiza anthu a m'deralo. Anamwalira ndi khansa ya m'mapapo pa 27 February 1978.

Titaima pamsewu wa fumbi lofiira, bambowo anavula chipewa. Ndinayamba kufotokoza monga ndimachitira, koma anandigwira mkono.

"Mwanangu, takhala chete pang'ono."

Tinaima choncho kwa mphindi zingapo, thukuta likuyenderera m'khosi. Pobwerera anandiuza kuti ali mnyamata anamuonapo Sobukwe akuyenda wapansi kupita kuntchito, akupereka moni kwa aliyense.

Lachisanu ndinapempha abwana kuti Galeshewe ilowe pa ulendo wa tsiku lililonse, osadikira kuti mlendo achite kupempha. Akuti mafuta akwera mtengo, tikambirana Lolemba. Mtunda wake ndawerengera kale, ndipo pepalalo lili m'thumba la malaya anga a ntchito.