Ululu ukatha si kuti mwana wachira

Kwathu kuno ku Nkhotakota mwana akabinya phazi pabwalo, madokotala amachuluka kuposa osewera. Wina akuti mkokeni chala chachikulu, wina wathamangira kale kumjigo ndi chigubu, wina ali kutali uko akufuula kuti adzuke ameneyo akunamizira. Ine ndimaphunzitsa pasukulu ina ya sekondale, ndipo pamwamba pa choko ndinapatsidwanso timu ya atsikana ya mpira wamanja. Pa zaka zimene ndakhala nawo anawa, tsiku lovulala silindiopsa kwenikweni. Nthawi imene ndimaopa ndi pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, kutupa kutaphwa, mwana wasiya kutsimphina, aliyense n'kumati wachira, abwerere m'bwalo.

Chaka chatha senta wathu, mtsikana wa Fomu 3, anadumphira mpira n'kutera paphazi la mnzake. Phazi linapindikira mkati, monga limachitira nthawi zambiri, ndipo pofika madzulo kakolo anali atatupa cha kunjaku, pena pada bii. Mwanayu amakhala ndi agogo ake kufupi ndi nyanja. Agogowo anachita zomwe anaona kwa makolo awo: madzi otentha, kansalu, kuthowa m'mawa ndi madzulo, kenako kutikita ndi mafuta mpaka mwana kulira. Mphini zinatsala pang'ono, anakana ndi mwiniwake phazi.

Agogowo sindiwanyoza, chifukwa ndi manja omwewo alera anthu ambiri. Kungoti kuthowa kuli ndi nthawi yake. Masiku awiri kapena atatu oyambirira, pamene pavulalapo pamakhala pakukha magazi mkati. Moto umatsegula mitsempha ya magazi, kutikita kumasokosanso pomwe pang'ambika, ndiye kutupa kumangowonjezeka. Zofunika masiku amenewo n'zosavuta: kuchepetsa kuponda, kumanga bandeji mothina pang'ono koma osati mpaka zala kuchita dzanzi, ndi kukweza mwendo pamwamba pogona. Ofuna kuziziritsa akulunge ayisi m'kansalu n'kuikapo mphindi 15 kapena 20, osamugunditsa pakhungu mwachindunji. Ayisi kuno sasowa ngati mmene anthu amaganizira. Ogulitsa nsomba ali naye, ndipo mafirizi awiri a pageti la sukulu amagwira ntchito yomweyo, bola mwana asawamwe asanawaike paphazi.

Popeza kanali kachiwiri phazi lomwelo kubinya, ndinawapempha agogo kuti tipite naye kuchipatala. Adokotala a mafupa anadina fupa la kakolo mbali zonse ziwiri, cha kumbuyo kwake, anadinanso m'mphepete mwa phazi, kenako anamuuza kuti ayende mapazi anayi. Anayenda, motsimphina koma anayenda. Iwo anati fupa silinathyoke, kujambula n'kosafunika.

Agogo nkhope inagwa. "Ndiye tabwereranji kuno, adokotala, ngati simumujambula?"

Anthu ambiri amadandaula chimodzimodzi, poganiza kuti awamana chithandizo. Koma njira imeneyi ndi yodziwika padziko lonse. Anaikonza madokotala a ku Ottawa, m'dziko la Canada, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pofuna kusiyanitsa phazi lofunika kujambula ndi losafunika. Munthu akalephera kuponda mapazi anayi, kapena akamva ululu pafupa penipeni pomwe akudinapo, ameneyo ndiye wokajambulidwa. Ndipo makina ojambulirawo amaonetsa bwino mafupa. Minyewa yolumikiza mafupa, yomwe imang'ambika munthu akabinya, siioneka pachithunzipo.

Anatitumiza kuchipinda cha mafizo, ndipo n'kumeneko ndinaona zomwe zandilembetsa zonsezi. Ulendo woyamba dokotala wa mafizo, mayi wachitsikana ndithu, anangomuonetsa zochita zing'onozing'ono: kukhala pampando n'kumalemba zilembo m'malere ndi chala chachikulu chakuphazi, kuyambira A mpaka Z, ndi kuyamba kuponda pang'onopang'ono mmene ululu ukulolera. Agogo anafunsa za mankhwala. Anawayankha mwaulemu kuti, "Agogo, mankhwala ake ndi omwewa. Inuyo muzingomuwerengera."

Titabwererako, mwana anali akuyenda bwinobwino, akuthamangira ngakhale belu la kusukulu. Masewera a m'zoni anali pafupi, ndipo anzanga kuntchito anali atayamba kale kundifunsa kuti senta ayamba liti. Dokotala uja sanatsutse chilichonse. Anangoti, "Tavula nsapato. Ima ndi mwendo wabwinowo, manja m'chiuno, utsinzine." Mwana anaima nji, osagwedezeka, mpaka anachita kumuuza kuti basi. "Tsopano winawo." Atangotsinzina, phazi linayamba kunjenjemera, zala zikukanda simenti, thupi likupendekera uku ndi uku, ndipo asanawerenge n'kufika pa faifi anali atagwira khoma. Anaseka mwamanyazi. Sankamva ululu uliwonse.

Dokotalayo anandifotokozera kuti m'minyewa ya pakakolo muli timitsempha tomwe timauza ubongo mmene phazi lakhalira, ngati laponda mowongoka kapena layamba kupendeka. Ubongo ukamva, umalamula minofu ya m'mbali mwa mwendo kuti ikoke phazi lisanapindike, zonsezi m'kuphethira kwa diso. Mnyewa ukang'ambika, timitsempha timeneti timasokonezeka. "Zili ngati netiweki ya kuseri kwa phiri, Madamu," anatero. "Uthenga umafika, koma umafika phazi litapindika kale." N'chifukwa chake amene wabinya kamodzi sachedwa kubinyanso phazi lomwelo, ndipo ena amakhala nalo logwedera mpaka kukula. Ululu umatha msanga, koma mnyewa umatenga sabata zisanu ndi imodzi kapena kupitirira kuti ulimbe, ndipo uthenga uja kuti ubwerere mwakale pamafunika kuuphunzitsanso.

Zipangizo zophunzitsira zinali zoseketsa. Chubu chakale cha njinga, chopempha kwa akabaza, chomangirira kumwendo wa bedi: kukoletsa phazi n'kumakankhira kunja, kubweza pang'onopang'ono, mpaka minofu ya m'mbali itatopa. Sitepe ya pakhonde: kuimira zala n'kumakweza zidendene, poyamba miyendo yonse, kenako umodzi. Kuima ndi mwendo umodzi potsuka mano. Zitayamba kuphweka, kukaima pamchenga wa kunyanja pomwe pansi pamathawa, mnzake akumuponyera mpira. Kumapeto kwake jingo ndi phada, masewera omwe mtsikana wa Fomu 3 amadziona kuti anawakula. Agogo aja, omwe ankafuna mapiritsi, ndi amene anasanduka kapitawo. Ankakhala pamkeka akusankha mpunga, uku akuwerenga mokweza, ndipo mwana akadumphitsa nambala ankamubweza kuti ayambirenso.

Masewera a m'zoni sanasewere nawo. Tinagonja, ndipo alipo ena mpaka lero amati tinagonja chifukwa cha ine. Zilibe kanthu.

Pali chizolowezi china chomwe chimandinyansa kwambiri, makamaka kumabonanza a mpira wamiyendo omwe amachuluka nthawi ya kampeni. Mnyamata ntchafu ikumupweteka kumbuyoku, amameza Brufen awiri kapena kukabayitsa jakisoni wopha ululu, n'kupaka Deep Heat mpaka bwalo lonse kununkha, kenako n'kulowa. Mankhwalawo salumikiza mnofu wong'ambika. Amangotseka pakamwa ululu womwe ukanamuletsa kuthamanga, ndiye pamene panang'ambika pang'ono pamang'ambika kwambiri. Komanso mankhwala a mtundu wa Brufen amavutitsa m'mimba ndi impso, makamaka munthu akataya madzi ambiri m'thupi, ndipo dzuwa la kuno mwezi wa Okutobala nonse mukulidziwa. Mphotho yake mwina ndi mbuzi ndi yunifomu.

Komatu kungogona nako si mankhwala. Dokotala wa ku America, Gabe Mirkin, ndi amene mu 1978 anatchukitsa malangizo a kupuma, ayisi, kumanga ndi kukweza mwendo. Mu 2014 iye mwini analemba kuti kupuma kwambiri ndi ayisi wambiri zingachedwetse kuchira. Masiku ano a mafizo amati teteza povulalapo masiku oyambirira, kenako yamba kupagwiritsa ntchito mwa muyeso. Mnofu ndi mnyewa zimalimba zikamapatsidwa ntchito. Luso lawo lagona podziwa kuti ntchito yake ikhale yochuluka bwanji, ndipo iyambe liti.

Bondo ndiye nkhani ina. Mpira wamanja umafuna kudumpha, kutera, ndi kuima mwadzidzidzi chifukwa malamulo salola kuyenda ndi mpira. Mkati mwa bondo muli mnyewa womwe madokotala amautcha ACL, ndipo atsikana amaudula kawirikawiri kuposa anyamata, makamaka akatera bondo litagwera mkati. Zizindikiro zake: kumva kuti phwa mkati, bondo kutupa pa maola ochepa, kenako kumangofooka mwadzidzidzi potembenuka. Mwawi Kumwenda anadula mnyewa umenewu mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia. Kumeneko kuli madokotala ndi zipangizo zonse, komabe panatenga pafupifupi chaka kuti abwerere m'bwalo. Mu 2020 timu yake inatenga chikho, iye n'kusankhidwa wosewera bwino pa masewera omaliza. Ndimawauza atsikana anga nkhani imeneyi kuti aone kutalika kwa ulendowo: ngakhale opaleshoni itayenda bwino, pamafunika miyezi 9 kapena kuposa ya mafizo. Nanga mwana wa msodzi wa ku Chia angayambire pati? Za mafupa zikuluzikulu amatumiza ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo thiransipoti yokha ndi mlandu.

Ndiye kwa ife chanzeru n'kupewa. Bungwe la FIFA lili ndi ndondomeko yotenthetsera thupi yotchedwa 11+, ya mphindi 20 zokha: kuthamanga pang'ono, kulimbitsa mimba ndi ntchafu, kuima ndi mwendo umodzi, kudumpha n'kutera bondo litalunjika chala osagwera mkati. Kafukufuku yemwe anachitika ku Norway pa atsikana osewera mpira wamiyendo, wofalitsidwa mu 2008, anapeza kuti kuvulala kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Sifuna ndalama. Ife tinatengako zambiri, ngakhale anaikonzera mpira wamiyendo. Atsikana amadana ndi gawo limodzi, logwada pansi mnzako atakugwira akakolo, iwe n'kumagwa chamtsogolo pang'onopang'ono. Limawawa kumbuyo kwa ntchafu, ndipo n'komweko likufuna kulimbitsa.

Pabenchi ya kuchipinda cha mafizo osewera anali ochepa. Ambiri anali a msana: bambo wokoka chilimila usiku wonse, mayi wowerama m'dambo kuwokera mpunga, wodula nzimbe wa ku Dwangwa, wakabaza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa msana cha m'chiuno, ndipo palibe vuto lina lolepheretsa anthu ntchito kuposa limeneli. Mlamu wanga, yemwe ndi msodzi, msana ukamugwira ankadzimanga lamba n'kugona sabata yathunthu, podzuka ali gwa ngati poyamba. Malangizo a masiku ano ndi akuti munthu apitirize kuyendayenda mmene angathere, achepetse zolemera kwa kanthawi, asinthesinthe kakhalidwe pogwira ntchito, ndipo ambiri amapeza bwino pa sabata zochepa. Apa ndiye kuthowa kwa agogo kumathandiza, chifukwa moto umamasula minofu yokungika.

Koma ulipo msana wosafunika kuudikira. Ngati miyendo ikufooka, ngati pali dzanzi pakati pa miyendo, ngati mkodzo kapena chimbudzi chikutuluka chokha kapena mkodzo ukukanika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati ululu sukuleka ngakhale usiku, munthu akuonda, akutentha thupi kapena kutuluka thukuta pogona. TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo imeneyo siichoka ndi kutikita.

Madokotala a mafizo ndi ochepa m'dziko muno, n'chifukwa chake ambiri timaganiza kuti ntchito yawo ndi ya anthu ofa ziwalo basi. Maphunziro a digiri ya ntchitoyi anayamba mu 2010 ku College of Medicine ku Blantyre, komwe tsopano kuli pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Kale ambiri tinkangomva za ku Kachere, ku Blantyre komweko, malo a bungwe la MAP lomwe linayamba ndi kuthandiza opuwala ndi poliyo. Ndiye mukamupeza mmodzi, musayembekezere kuti azikutikitani tsiku ndi tsiku. Mzere ndi wautali. Tengani kope, akulembereni kapena akujambulireni zochita, mufunse kuti kangati patsiku, ndi ululu wotani woti mupitirize nawo ndi wotani woti muleke. Ntchito yotsalayo ndi ya kunyumba.

Patimu yathu tsopano wovulala phazi sabwerera chifukwa wanena kuti sakumva kuwawa. Amavula nsapato pamaso pa anzake, amaima ndi mwendo wovulalawo atatsinzina kwa theka la mphindi, amakweza chidendene mofanana ndi mwendo winawo, amadumpha phada kupita ndi kubwerera, kenako amathamanga mokhotakhota pakati pa mabotolo. Makolo ena amabwera kudzadandaula kuti mwana wawo ndikumukondera mnzake. Ndimawapatsa mpando kuti aonerere okha. Wovulalayo akalephera chimodzi mwa zoyesa zija, sabata imeneyo amakhala pabenchi n'kumalemba zigoli.