Nsima ya vanila ku Turffontein

Nditatha masiku atatu ku Turffontein, dera lina la ku Joni, alamu anga anandisiyira R200 akupita ku ntchito. "Alamu, mukagule ufa ndi tomato. Usipa munabwera nawo uja tiulawe madzulo ano."

Mu supamaketi ndinayamba ndi tomato. Ndinasankha asanu ndi mmodzi, kuponya m'kapulasitiki, ulendo pa tilu. Mayi wa pa tilu anangokweza kapulasitikiko n'kundiloza komwe ndachokera. Kumeneko tomato sagulitsa pamulu ngati ku Lizulu, ndipo za basela iwalani. Mumayamba mwapita naye pa sikelo ya ku masamba, amuyeze, amate kasitika ka mtengo. Pobwerera ndinapeza anthu asanu ndi atatu atalowa pamalo panga.

Ndili pamzerepo ndipamene ndinakumbukira ufa.

Shelefu yake ndi msika pawokha: Iwisa, Ace, White Star, mapaketi a 1kg mpaka matumba a 12.5kg. Wa nsima yathu ndi wolembedwa "super maize meal", woyera bwino. Wa "braai pap" ndi wamiseremisere. Izitu ndazidziwa pambuyo pake. Tsikulo ndinangoona chimanga chojambulidwa pa paketi, ndinatola awiri a 1kg, n'kudzitama kuti ndasunga chenji. Jumbo nayonso amagulitsa, choncho ndinakana, katundu ndinafungatira.

Madzulo ndinatereka madzi, atafunda ndinathira ufa wa phala. Ufa weniweni umafuna uwire kaye phala lisanakhwime. Uwu unagwirana pomwepo, mibulu ngati mazira a zinziri. Ndinawonjezera ufa, kuthyakula ndi mphamvu zanga zonse, mthiko n'kumamatira. Kenako m'nyumba monse munayamba kununkhira keke.

Alamu polowa anaima pakhomo, kununkhiza. "Kodi kuli befide ya ndani?"

Anatola paketi m'bini n'kuwerenga mokweza: "Instant porridge. Vanilla." Ufa wophikaphika, wothira kale shuga, umene umangofuna mkaka kapena madzi m'mbale, ana amwe asanapite ku sukulu. Ine ndinali nditaukhuthulira wonse m'poto, makilo awiri.

Masitolo anali atatseka, njala itafika pa mkodo. Tinaomola mitanda inayi yonyezimira, usipa wa ku Nkhotakota pambali. Alamu anatema mbamu, kusunsa, kutafuna nthawi yaitali maso ali kudenga.

"Alamu," anatero, "mawa muzisesa. Ku shopu ndipita ndekha."