Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Bangwe Pansi pa Bedi

Gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinapeza kachipinda ku Rosettenville ndi ganyu ya m'gadeni ku Randburg, kuno ku Joni. Lero ndinena chinthu chomwe ndakhala ndikuchizemba chiyambire kulemba mbiriyi.

Bangwe wanga anandipangira ndi malume kwathu ku Thyolo: thabwa la mlombwa, waya wa buleki ya njinga, ndi chitini chokuzira mawu. Ndinamukulunga m'chitenje cha mayi anga n'kumufungatira pa basi kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge mpaka Park Station. Amalawi atamva kuti kuli mnyamata woimba zakumudzi, anayamba kundiitana pa chinkhoswe, pa ukwati, komanso pa misonkhano yosonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi.

Pa misonkhano ya maliroyo ndi pomwe ndinkatopa kwenikweni. Ukangokhudza waya, amayi ayamba kusisima, abambo azyolika. Wina akuti ndimutchulire Mulanje, wina akuti Ntcheu, wina akufuna nyimbo yomwe agogo ake ankaimba popeta. Aliyense amatula chisoni chake pa iwe, n'kubwerera kwake mtima utapepuka. Iwe ukwera takisi wekha usiku, katundu yense uja ali pachifuwa. Palibe anandifunsapo kuti, "Nanga inu achimwene, mwagona bwanji?"

Za malipiro ndiye zopweteka. DJ amagwirizana naye mtengo mwambo usanafike. Ine ankandipatsa mbale ya nsima, botolo la mowa ndi mawu akuti, "Luso lanuli ndi mphatso ya Mulungu." Inde ndi mphatso, koma mwini nyumba amafuna lendi. Kutchalitchi ena ankati bangwe ndi wa kumowa, achinyamata ankati ndiwaimbire amapiano. Chinanso ndi mafoni. Amakujambula, kanema wafika pa WhatsApp ndi Facebook, mayi a kunyumba amuona ali ku Thyolo, anthu akukufupa. Mawa lake uthenga: fizi ya ana, feteleza, denga likudontha. Sindinkawaimba mlandu. Iwo ankaona mwamuna wotchuka ku Joni, pomwe m'thumba munali ya takisi yokha.

Ndipatuke pang'ono. Kuno komwe, ku Roodepoort, katswiri wa nyimbo za mu Africa, Hugh Tracey, anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo yotchedwa International Library of African Music mu 1954, ndipo anayenda mpaka ku Nyasaland kukajambula makolo athu akuimba bangwe, kalimba ndi ng'oma. Mu 1978 nkhokweyi inasamukira ku Rhodes University. Ndimathokoza kuti mawu awo alipobe. Koma ndikamawamvera, chimandikhudza n'choti ife anthu timadziwa kusamala nyimbo kuposa woimbayo.

Pa 27 March 2020 dziko la South Africa linatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Maukwati anaima, abwana a ku Randburg anati ndidikire kaye. Mwezi woyamba ndinkaimba ndekha m'chipinda. Kenako ndinaona kuti ndikagwira bangwe, misozi ikungotuluka popanda chifukwa chooneka. Ndinamukankhira pansi pa bedi.

Tulo tinatha. Ndinkadzuka 2 koloko usiku mtima ukugunda ngati ndathamanga. Nsima sinkalowa. Mowa anali atauletsa, koma ndinkaugula mobisa pa mtengo wokwera, ndi ndalama zomwe zikanapita kwa ana. Foni ya kumudzi ikalira ndinkangoiyang'ana mpaka idule. Panali usiku wina womwe ndinaganiza kuti ana anga angakhale bwino ine kulibe. Ndikulemba izi manja akunjenjemera, koma ndi zoona.

Ndikanauza ndani? Kwathu timakula ndi mawu akuti mwamuna salira. Ukanena kuti mutu sukuyenda bwino, ena ati wayamba misala, ena ati ndi chamba, ena ati akulodza chifukwa cha luso lako. Ndipo woimba amayenera kukhala wosangalatsa anthu nthawi zonse.

Amene anandipulumutsa ndi bambo ena achikulire a ku Mangochi, telala ku Mayfair, omwe sankaphonya paliponse ndikaimba. Ataona kuti sindikuyankha foni, anabwera okha n'kugogoda mpaka ndinatsegula. Anayang'ana mabotolo, anandiyang'ana ine, n'kukhala pansi.

"Mwana wanga, bangwe ali kuti?"

"Ali pansi pa bedi, bambo."

"Ng'oma yolira sichedwa kung'ambika. Takhala tikukuliza tonse. Vala nsapato."

Anandiperekeza ku kiliniki. Nesi ankalankhula Chizulu ndi Chingerezi, ine mawu a matenda anga ndinalibe. Ndinangoti ndikuganiza kwambiri, bambo aja n'kumamasulira. Anandifunsa za tulo, za kudya, za maganizo ofuna kudzipha, ndipo ndinayankha zoona. Anati ndi matenda a kukhumudwa, ndipo amachizika. Anandipatsa mapilisi, n'kundichenjeza kuti amatenga masabata angapo asanayambe kugwira ntchito, komanso nambala ya SADAG, bungwe la kuno lomwe munthu amaimbako foni n'kulankhula ndi mlangizi.

Panapita miyezi ndisanamutulutse bangwe. Nditamukoka, waya anali atachita dzimbiri, wadukanso pawiri. Loweruka lake ndinapita kwa okonza njinga kukafuna waya wa buleki. Zomwe zinachitika pa chinkhoswe choyamba chomwe ndinatchula mtengo ndisanaimbe, ndidzanena m'gawo 10.