Lachitatu: dzanja la munthu wina m'kope

M'mawa wonse ndinali m'chipinda cha aphunzitsi, kuchonga zimangirizo za Fomu 2. Nditafika pa kope lina ndinaima kaye. Dzina linali la mtsikana amene ndimamudziwa bwino, koma dzanja silinali lake. Iye "g" wake amamupinda mchira ngati mbedza. Apa mchira unangotsika osapindika. Nditamuitana anawerama, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, amayi akudwala, ndiye mnzanga ndi amene anandilembera." Sindinamukalipire. Ndinamuuza kuti tidzaonana mawa.

Madzulo magetsi atayaka ndinabwerera ku nkhani imene yandigwira mtima sabata ino, ya mpukutu wa Yesaya umene unapezeka mu 1947 m'phanga la ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa. Ndi wachikopa, wautali kupitirira mamita 7, ndipo uli ndi madanga 54 a mawu a Chiheberi, mitu yonse 66. Watha zaka zoposa 2,000, ndipo lero umasungidwa ku Israel Museum ku Yerusalemu.

Akatswiri anakhala akutsutsana: kodi anaulemba munthu mmodzi kapena awiri? Kalembedwe kake kamafanana kwambiri kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo pamene pakuoneka kusiyana, wina akhoza kungoti mlembi anatopa kapena anasintha cholembera. Ine makope 60 ndimawazindikira ndi diso chifukwa ana ake ndimakhala nawo tsiku lililonse. Nanga munthu amene sunamuonepo?

Mu 2021, Mladen Popović, Maruf Dhali ndi Lambert Schomaker a pa yunivesite ya Groningen ku Netherlands anatulutsa zimene anapeza. Choyamba anaphunzitsa kompyuta kusiyanitsa inki ndi chikopa pa zithunzi za mpukutuwo, kuti patsale mzere weniweni umene dzanja linadutsa. Kenako inayeza mmene mizereyo imakhotera ndi mmene zilembo zimaumbidwira. Mfundo yake ndi yoti timinofu ta zala timayenda mwa njira yakeyake mwa munthu aliyense, ngakhale ayesetse bwanji kutsanzira mnzake.

Pa chilembo cha aleph, choyamba pa zilembo za Chiheberi, ndi pamene ndakhalitsa. Chimapezeka maulendo oposa 5,000 mu mpukutuwo. Palibe mutu wa munthu umene ungasunge zilembo 5,000 n'kumaziyerekeza zonse nthawi imodzi. Akatswiri atatu aja anasanjikiza ma aleph a theka loyamba la mpukutuwo pamodzi, a theka lachiwiri pamodzinso, kusiyana kobisika kuja n'kuonekera. Dzanja limasintha pakati pa danga la 27 ndi la 28, pomwenso pali mpata wosalembedwa m'munsi, pamene mutu 33 ukuthera.

Ndiye kuti anali awiri. Wachiwiriyo ndi amene ndakhala ndikumuganizira. Anatenga ntchito pa mutu 34, n'kuyendetsa dzanja lake mofanana ndi la mnzake mpaka akatswiri kukangana kwa zaka zambiri ngati analipodi. Mwina anaphunzira pamodzi, kwa mphunzitsi mmodzi. Dzina lake silinalembedwe paliponse, koma kupindika kwa zala zake kudakali pachikopa paja.

Kope la mtsikana uja ndaliika pamwamba pa enawo. Mawa pa nthawi yopuma ndikhala naye alembenso chimangirizocho ndi dzanja lake, koma ndiyamba ndamufunsa za amayi ake.