Zikomo nonse amene munandigwira mkono mpaka ndamaliza

Abale ndi alongo, anansi a ku Area 25, akumpingo ndi nonse amene mwakhala mukufunsa za ine, ndabwerako. Mayeso omaliza a pakamwa ndinakhoza, buku la kafukufuku wanga analilandira, ndipo digiri ya PhD ya chemistry yatheka. Mauthenga anu achuluka moti sindingathe kuyankha aliyense payekha msanga, n'chifukwa chake ndalemba pano. Ndilinso ndi ngongole ina kwa inu. Ambiri munandithandiza osadziwa chimene ndinkachita kunjako. Amayi anga akafunsidwa ankangoti "mwana akuphunzira za mafuta a m'thupi," ndipo inu munkapereka osafunsanso zambiri. Ndiye lero ndikufuna mudziwe kumene ndalama zanu ndi mapemphero anu zinapita.

Thupi lathu linapangidwa ndi maselo, ndipo selo iliyonse ili ndi kachikuto kopyapyala kamene kamasunga zam'kati kuti zisatayike. Kachikuto kameneka ndi ka mafuta otchedwa phospholipid. Mafutawa ali ndi mutu wokonda madzi, momwe muli kachigawo kotchedwa phosphate, ndi michira iwiri yodana ndi madzi. Akapezeka m'madzi amandandalika okha mizere iwiri, mitu kunja, michira m'kati. Gorter ndi Grendel a ku Netherlands ndi amene anaonetsa za mizere iwiriyi mu 1925 pogwiritsa ntchito maselo ofiira a magazi. Mafuta omwewa ali m'chikasu cha dzira, momwe Gobley wa ku France anawapeza m'zaka za m'ma 1840, ndipo alinso mu soya amene timalima kuno.

Ntchito yanga inali kupanga mu labotale mafuta ofanana ndi amenewa, koma osinthidwa dala. M'thupi muli ma enzyme, tinthu togwira ntchito ngati lumo, amene amadula michira ya mafuta achilengedwewa n'kuwagwiritsanso ntchito. Tikasintha polumikizira mchira, ma enzyme aja amalephera kudula. Selo imalandira mafuta opangawa ngati ake, koma akakhazikika m'chikuto amayamba kusokoneza, makamaka potsekereza njira imene selo imapangira mafuta atsopano a chikuto chake. Selo imene ikugawikana mofulumira, monga ya khansa, ndi imene imavutika kwambiri. Chitsanzo chodziwika ndi miltefosine, wa mchira umodzi wa ma carbon 16. Eibl ndi Unger anamupanga ku Göttingen, Germany, m'zaka za m'ma 1980 akufuna mankhwala a khansa. Pambuyo pake kunapezeka kuti amapha tizilombo toyambitsa kala-azar, matenda otupitsa kapamba amene amavutitsa anthu ku Sudan, Ethiopia ndi India. Mu 2002 India inamuvomereza, ndipo anakhala mankhwala oyamba akumwa a matendawa. Koma ali ndi mavuto ake. Amasanzitsa, amatsekula m'mimba, ndipo mayi woyembekezera sangapatsidwe chifukwa amavulaza mwana. Komanso mafuta a mtunduwu akachuluka amachita ngati sopo, amasungunula chikuto cha maselo ofiira a magazi mpaka kuwaphulitsa. Funso langa linali lakuti, tikasintha kutalika kwa mchira ndi kapangidwe ka mutu, kodi tingapeze ena oti azivulaza maselo a khansa koma kusiya magazi?

Zikomo zanga zoyamba zipite kwa bambo woyang'anira zipangizo mu labotale yathu, munthu amene dzina lake silioneka pachikuto cha buku lililonse. Polumikiza phosphate ku mchira timagwiritsa ntchito phosphorus oxychloride, mankhwala amene akangokumana ndi chinyezi amafuka utsi wa asidi, ntchito yonse n'kuonongeka. Bambo amenewa ndi amene anandiphunzitsa kuumitsa magalasi mu uvuni usiku wonse, kuthamangitsa mpweya m'botolo ndi nitrogen, ndi kudontheza mankhwalawo pang'onopang'ono botolo lili m'madzi oundana. Kenako pamabwera kusefa pa silica, ufa wonga mchenga, pogwiritsa ntchito chloroform, methanol ndi madzi, ntchito yodya tsiku lathunthu uli chiimire. Ukatha umadontheza pakagalasi, n'kupopera mankhwala a molybdenum. Ngati phosphate alimo, pamatuluka kadontho ka buluu. Iwo ankadikira nane mpaka kadonthoko kaoneke, nthawi yoweruka itapita kale. Bambo, sindidzaiwala.

Amayi amene ankandiyang'anira pa kafukufukuyu ndikuwathokoza chifukwa sankandilola kulemba chinthu chimene makina a NMR, oonetsa kapangidwe ka mankhwala amene wapanga, sanatsimikize. Kwa iwo ndinaphunzira kunena zokhazo zimene ndaona.

Tsono nthawi yovuta. Ndalama za sikolashipu zinatha ntchito isanathe, mbali yoyesa mafutawa pa maselo ili pakati. Zinangogwirizana ndi nthawi imene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, moti ndalama iliyonse yochokera kumudzi inkafika itachepa mphamvu. Ndinayamba kulongedza katundu. A malume anga a ku Mitundu atamva, anagulitsa soya amene anasunga kuti agulire malata. Nyumba yawo inakhalanso dzinja lina ndi denga laudzu lodontha chifukwa cha ine, ndipo pa foni ankangoti, "Mphwanga, usabwere wopanda pepala." A malume, malata aja ndi ngongole yanga, ndipo mvula isanayambe akhala ali padenga. Amayi a banki m'khonde ya kwathu anabwereketsa amayi anga ndalama popanda chiwongoladzanja, chinthu chimene malamulo a gulu lawo salola, koma anakhala pansi n'kugwirizana. Amayi a Mvano anasonkha zawo. Mwandionetsa kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Amayi anga aNabanda, nthawi yomweyo BP inakuvutitsani mpaka kugonekedwa, koma munaletsa aliyense kundiuza mpaka nditatsiriza kulemba. Ndinamva mochedwa, ndinalira. Zikomo mayi, ndipo chonde musadzandibisirenso.

Achemwali anga, amene ndi namwino, anasamala amayi kwinaku akugwira ntchito ya usiku. Anachitanso china. Tsiku lina ndili wofooka ndinawauza kuti mwina ndikutaya nthawi pa zinthu zopanda phindu kwa anthu a kwathu. Iwo anandifunsa ngati ndikudziwa za mankhwala achikasu a m'diripi amene amapatsa odwala matenda oumitsa khosi a cryptococcus, amene amagwira kwambiri anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV. Mankhwalawo ndi amphotericin B. Akale ake ankaperekedwa kwa sabata yathunthu kapena ziwiri, ndipo ankaononga impso ndi kuchepetsa magazi. Atsopanowa, otchedwa AmBisome, ndi mankhwala omwewo koma okutidwa m'timipira ting'onoting'ono ta phospholipid, ndipo ena mwa mafuta ake amachokera ku soya. Kafukufuku wa AMBITION, amene anachitika m'maiko asanu a mu Africa, kuphatikizapo ku Kamuzu Central kuno ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, anaonetsa kuti diripi imodzi yokha yamphamvu ya AmBisome, pamodzi ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, imapulumutsa anthu mosachepera njira yakale ija, koma ndi zovuta zochepa. Zotsatira zake zinatuluka mu 2022, ndipo chaka chomwecho WHO inasintha malangizo ake. Ine pa kafukufuku ameneyu ndinalibepo, koma kumva achemwali akufotokoza mmene wodwala amapepukira akapanda kubayidwa diripi masiku onse aja kunandibwezera mu labotale ndi mtima wina. Aka kanali koyamba kuona bwinobwino kuti mafuta amene ndinkalimbana nawo afika kale m'mawodi athu.

Sindingaiwale aphunzitsi anga a Physical Science ku sekondale yoyendera. Sukulu yathu inalibe labotale, ndiye ankajambula burette, chubu chagalasi chodonthezera madzi a mankhwala mowayeza, pabolodi ndi choko, n'kumatiuza mtundu umene madziwo akanasintha. Ndinagwira burette yeniyeni koyamba ku yunivesite, koma ndinaidziwa nditangoiona. Aphunzitsi, kope limodzi la buku langa ndi lanu, ndibweretsa ndekha.

Pa zotsatira ndinene mosabisa, chifukwa ena mwayamba kale kufunsa ngati ndapeza mankhwala a khansa. Sindinapeze. Mwa mafuta amene ndinapanga, ambiri anapha maselo a khansa m'mbale za mu labotale koma anaphulitsanso maselo ofiira. Ochepa okha ndi amene anaonetsa kusiyana kumene tinkafuna, ndipo amenewo ayenera kuyesedwabe kwa zaka asanafike pafupi ndi munthu. Chonde, amene muli ndi wodwala, pitirizani ndi chithandizo cha kuchipatala, ndipo wina asakugulitseni kanthu m'dzina langa.

Lamulungu likudzali tikhala ndi pemphero lothokoza ku tchalitchi chathu pa mapemphero a m'mawa, kenako tonse tipite kunyumba kwa amayi. Thobwa afulula kale, mpunga ndi nkhuku zikhalapo, ndipo a malume abwera ndi basi ya Loweruka. Ana a Fomu 3 ndi 4 amene amakonda sayansi muwatenge, ndikufuna kucheza nawo tikatha kudya.