Nkhomaliro ya mizimu ya ku Mulanje

Anandinyengerera ndi mnzanga wa kuntchito. Akuti pali gulu la anthu odzipereka lomwe limakwera phiri la Mulanje kukalambula njira ndi kupenta miyala yolondolera alendo. "Ndi kungoyenda basi achimwene, kupitidwa mphepo." Ine ndinavomera msanga, m'mutu muli zithunzi zokaika pa Facebook.

Tinanyamukira pa Likhubula kusanatenthe. Anzanga anagawana zikwakwa ndi zikwanje, ine anandipatsa chitini cha penti yofiira ndi bulashi, ati ndiyo ntchito ya obwera kumene. Njira ya Skyline, yomwe imakwera ku Chambe motsata pomwe kale pankadutsa chingwe chotsitsira matabwa, ilibe chisoni ndi munthu. Pomwe ndimafika pa kanyumba ka Chambe mawondo akuwombana, mapotala, ena atangovala masilipasi, anali atatula kale katundu, moto atakoleza, akucheza za mpira.

Kutacha tinauyatsa wa ku Chisepo, kanyumba ka m'munsi mwa Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002. Mtsogoleri wathu, mayi wachikulire koma woyenda mosatopa, ankatiimitsa pa zitsa za mkungudza n'kumatifotokozera kuti mtengowu unasankhidwa kukhala wa fuko mu 1984, koma ocheka matabwa mozemba ndi moto wolusa zausakaza. Ine ndinkangogwedeza mutu. Phala la m'mawa linali litathera pa chitunda choyamba.

Dzuwa lili paliwombo, chiperoni chinafika osaodira. Nkhungu inatseka paliponse, ndipo popeza ndinkaima pa mwala uliwonse kupenta (ndi kupumirako, tisabise), ndinapezeka ndili ndekha. Kuitana, zii. Ndinayenda pang'ono potsata udzu womwe anzanga anatchetcha, kenaka ndinaima chilili.

Pa thanthwe losalala panali tsamba la nthochi loyalidwa bwinobwino. Pamwamba pake nthochi zakupsa, mbatata yophika, zigumu zodulidwa kale ndi mtedza wokazinga. Munthu panalibe.

Aliyense wokulira kufupi ndi phirili amalidziwa lamulo. Agogo anandiuza ndili mwana: ukapeza chakudya m'phiri la Mulanje, ndi mizimu yakukonzera. Idya wekha, usaitane mnzako, usatapeko kupita nacho kumudzi, apo ayi sudzaonekanso. Ine ndi munthu wopemphera, ndimaimba kwaya, koma njala ndi nkhungu zikakumana, mawu a agogo amamveka bwino kuposa ulaliki. Ndinavula chipewa, ndinagwada, ndinawomba m'manja katatu, n'kuyamba ntchito. Poopa kuti eni phiri angakhumudwe ndikasiyako, ndinaseseratu. Kunena zoona, chigumu chake chinali chothira shuga mosaumira.

Ndikumeza nthochi yomaliza, mu nkhungu munatuluka mawu okhuthala.

"Ndani ameneyo?"

Thupi lonse linachita tsemwe. Ndinagwa chafufumimba, chitini chinagubuduka, penti n'kundithira kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo.

"Pepani makolo anga! Ndine mdzukulu wanu, sindinaitane munthu, ndadya ndekha monga mwa mwambo!"

"Mwadya nokha?"

"Ndekha, eni phiri. Ngakhale khoko sindinatengeko."

Nditadzutsa mutu ndinaona nsapato za jombo. Pamwamba pa jombozo panali mayi mtsogoleri uja, kumbuyo kwawo gaidi ndi anyamata awiri onyamula zikwanje. Anali atabwerera kudzandifunafuna poopa kuti ndasochera. Chakudya anayala pathanthwepo kuti tikapezana tidyere limodzi, iwo n'kutsikira kukhwawa kukatunga madzi.

Poyamba palibe anaseka, chifukwa ataona kufiira pamalaya anayesa ndadzibaya. Mayi aja anafika pondigwira pamimba kufuna bala. Atanunkhiza dzanja lawo, gaidi anakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe ndi phwete.

"Bambo inu," anatero mayiwo, "nkhomaliro ya anthu asanu?"

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati nkhani ya mizimu ya phirili si yopeka ine, aliyense kuyambira ku Phalombe mpaka ku Muloza amaidziwa. Gaidi anavomera kuti ndi zoona, ngakhale agogo ake ankanena zomwezo. Kenaka anatola kapepala ka pulasitiki komwe munali mtedza, n'kukatambasula pamaso panga. Kanali kajumbo ka shuga, mtengo wake wolembedwa ndi cholembera.

"Achimwene, mizimu yake iti yogula shuga pagolosale?"

Tinafika ku Chisepo anayiwo ali ndi njala, ine ndili wokhuta, nditasenza poto ndi thumba la ufa ngati chindapusa. Madzulo nsima itapsa, mnyamata wina anaika mbale yanga panja pakhomo, nawomba m'manja katatu.

"Agogo, chakudya chanu icho. Ife sitikuonani, yambani."